Mwana wanu akuloweza selo, koma sanalionepo

Uthenga wa mayi wina wa ku Kawale wakhala m'foni mwanga masiku anayi ndisanayankhe. Mwana wawo ali Fomu 1. Usiku uliwonse amajambula selo, kachipinda kosaoneka ndi maso komwe kamamanga thupi la chamoyo: la nyama, la chomera ndi la bakiteriya, mayina onse ali pamtima, koma akafunsidwa ntchito ya chilichonse mutu umaima. "Ndimuthandize bwanji ine wolekera Sitandade 8?"

Mayi, ndachedwa kuyankha chifukwa mwana wanuyo ndine ndemwe zaka zapitazo.

Kusukulu kwathu maikulosikopu, chida choonera tinthu tosaoneka ndi maso, inalipo imodzi, yotsekeredwa m'kabati. Aphunzitsi ankajambula pabolodi bokosi la ngodya zinayi, amvekere ili ndi selo la chomera, kenako chozungulira ngati chitumbuwa, ili la nyama. Ife n'kumakopera. Ndinakhoza mayeso ndikuganiza kuti selo ndi chithunzi cha m'buku basi. Ndinadzaliona ndi maso ndili wamkulu kale, mnzanga wina wogwira ntchito mu labotale atandiitana. Anasenda kakhungu kopyapyala ka mkati mwa anyezi, kaja kamamatirira ku chala, n'kudonthezapo ayodini. Nditasuzumira ndinaona njerwa zondandalikana bwinobwino, iliyonse ili ndi kadontho kakuda mkati. Kadonthoko ndiye nucleus, momwe mumakhala malangizo onse oyendetsera selo. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Anyezi yemweyu amene timadula tsiku ndi tsiku!

Wasayansi wa ku England, Robert Hooke, anaona zofanana ndi zimenezi mu 1665 pa kachidutswa ka khungwa la mtengo, ndipo anazitcha cell chifukwa zinkaoneka ngati tizipinda. Munthuyo anayamba waona, dzina linabwera pambuyo. Ife tinatembenuza, timapatsa ana mayina a zinthu zimene sanazionepo. Ndikunena mosapsatira mawu kuti kumeneko n'kuwalakwira ana, ndipo mwana akalephera tisamuthamangire kumunena kuti alibe mutu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mayi anga ankazidziwa zimenezi osadziwa mayina ake. Ankagulitsa mpiru ndi tchainizi pamsika, ndipo dzuwa la Okutobala likafika pamutu masamba aja ankalefuka ngati nsanza. Iwo ankatenga kabeseni n'kumawaza madzi ndi dzanja, mizu ya mipukutu ina n'kuiviika. Posakhalitsa masamba ankadzukanso. Mkati mwa selo lililonse la tsamba muli thumba lalikulu la madzi lotchedwa vacuole. Likadzaza limakankha khoma la selo, tsamba n'kuuma gwa ngati tayala lopopa bwino. Madzi akachoka, tsamba limafota. Khomalo, cell wall, ndi lopangidwa ndi cellulose, ulusi womwe uja mumausenda pa nkhwani. Kubiriwira kwa tsamba kumachokera m'timatumba ta chloroplast, timene timakola dzuwa n'kupanga shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya. Anyezi uja sanali wobiriwira chifukwa amakhala pansi pa dothi, kopanda dzuwa loti akole.

Inu ndi ine tilibe khoma, tilibe chloroplast, n'chifukwa chake timadikira nsima. Maselo athu angokutidwa ndi kakhungu kofewa, cell membrane, kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka. Chomera nachonso chili nako kuseri kwa khoma, ana ambiri amaiwala pamenepa. Nsima ija ikagayika, timatumba ta m'selo totchedwa mitochondria ndi timene timatulutsamo mphamvu zoyendera kuchoka ku Kawale kukafika m'tauni.

Tsono bakiteriya. Apa mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Kachilomboka ndi selo limodzi lokha, lopanda nucleus, DNA yake, yosunga malangizo aja, ingoyandama mkati. Kali ndi khoma, koma la mtundu wina, osati la cellulose. Penicillin, amene Alexander Fleming anamutulukira mu 1928, pamodzi ndi m'bale wake amoxicillin, amalepheretsa bakiteriya kumanga khomalo, kachilombo n'kuphulika. Maselo athu sakhudzidwa choncho poti khoma alibe. Nanga chimfine? Chimabwera ndi mavairasi, amene si maselo n'komwe ndipo khoma alibe. Ndiye munthu akagula makapusozi awiri a amoxicillin pagolosale kuti athane ndi chimfine, akuwombera chiyani? Akungophunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwake kupirira mankhwala, tsiku limene adzawafunedi sadzagwira. Kolera amene anatisautsa mu 2022 ndi 2023, Lilongwe muno momwe, amayamba ndi bakiteriya wopindika ngati chizindikiro cholembera cha comma, wokhala ndi kamchira kosambirira kotchedwa flagellum. Mwana amene wamvetsa zimenezi sangatunge madzi a mumtsinje wa Lilongwe n'kumwa osawiritsa. Kodi phunziro ngati limeneli ndi loloweza pofuna malikisi okha?

Nanga mutani madzulo ano?

Musadandaule za Sitandade 8. Tengani mpiru wofota, muuviike m'madzi, ndipo mwanayo akuuzeni chimene chadzaza. Thirani mchere pa kabichi wodula, aone madzi akutuluka, afotokoze adutsa pati. Akatchula dzina lililonse mufunseni funso limodzi lokha: chimenechi chitachoka, selo lingatani? Ayankhe m'Chichewa kaye, Chingerezi alembe pambuyo. Ndipo mupite kusukulu mukapemphe aphunzitsi mwaulemu ngati ana angaoneko anyezi pa maikulosikopu. Anyeziyo mutenge nokha kunyumba.