Funsani Amisiri: zokumbira za thirakitala zopanga tokha, ndi nkhani ya patenti

FUNSO: Ndine wowotcherera zitsulo. Ndinapangira kalabu ya alimi chophwanyira chikhakha (dothi lolimba la pansi pa munda) cha mano atatu, chokokedwa ndi thirakitala ya Massey Ferguson 290. Munda woyamba usanathe, mano awiri anapindika ndipo pomwe ndinawotcherera panang'aluka. Chavuta n'chiyani? Mmisiri wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Amisiri, chavuta n'chakuti manowo munawawotcherera ku felemu. Minda ya kumapiri a Dedza ili ndi miyala yobisala, ndipo dzino likagunda mwala thirakitala ili mkati mokoka, china chake chimayenera kugonja basi. Inu sankhiranitu chogonjacho, ndipo chikhale chotsika mtengo: bawuti imodzi.

Felemu ikhale ya paipi ya ngodya zinayi, mamilimita 100 mbali zonse, yochindikala mamilimita 8. Dzino lililonse lidulidwe ku chitsulo chochindikala mamilimita 25, mulifupi 125 kapena 150, ndipo mbali yopyapyala ndiyo iziyang'ana kutsogolo. Pa felemupo wotchererani mapuleti awiri a mamilimita 12, dzino lilowe pakati pawo, ligwidwe ndi mabawuti awiri. Yoyamba ikhale yaikulu, M24, yolembedwa 8.8 pamutu, iyi ndi pozungulira dzino. Yachiwiri ikhale yaing'ono ndi yofewa, M12 yolembedwa 4.6. Mwala ukakana, yaing'onoyo imaduka, dzino n'kugwera kumbuyo, woyendetsa n'kuikapo ina. Muwauze alimiwo mwamphamvu kuti asadzaikepo bawuti yolimba potopa ndi kusintha. Akatero chimapindika ndi felemu, kapena mikono ya thirakitala yomwe, ndipo mtengo wa mkono umodzi ungagule mabawuti odzaza ndowa.

Nsonga yokumba ambiri amaidula ku sipuling'i ya lole. Chitsulocho ndi chabwino, sichiperepeseka msanga, koma chili ndi kaboni wambiri: mukachiwotcherera chili chozizira, m'mbali mwa msoko mumauma ngati galasi, n'kuthetheka tsiku loyamba. Chiotcheni kaye mpaka madigiri 250 kapena 300, gwiritsani ma rodi a E7018 ouma bwino osati a 6013, kenako kwirirani m'phulusa kapena mumchenga wouma kuti chizizire pang'onopang'ono. Osachithira madzi. Koma nzeru yoposa ndi kuwotcherera kampando pansi pa dzino, nsongayo n'kuimanga ndi mabawuti kuti ikatha muzingosintha.

Nsonga ipendeke madigiri 20 mpaka 25 kuchokera pansi, kuti izinyamula nthaka. Ikaima chilili imangokankha dothi, thirakitala n'kumapalasa matayala. Mulifupi mwake namonso muli nkhani: nsonga imaswa bwino mpaka kuya kokwana mulifupi mwake kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Ya masentimita 6 imagwira ntchito mpaka masentimita 30 kapena 35, ndipo apo n'pokwanira, poti chikhakha cha khasu chimakhala chapafupi, pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Mukazamitsa kupitirira apo, nsongayo imatsendera dothi m'mbali m'malo moliswa.

Pomangira ku thirakitala yesani ndi tepi, osati ndi maso. Ya msinkhu umenewo imalandira mapini a m'munsi a mamilimita 28, otalikirana mamilimita 825, ndi pini ya pamwamba ya mamilimita 25, yokwera mamilimita 610 kuchokera pa a m'munsiwo. Mathirakitala ang'onoang'ono amafuna 22 m'munsi ndi 19 pamwamba. Ife tikanayamba ndi mano awiri otalikirana masentimita 75, molingana ndi mizere ya chimanga. Lachitatu liwonjezedwe mukaona kuti injini sikulira movutika. Limani mukangokolola, nthaka isanaumiretu. Dothi la pansi likamapotoka m'manja ngati chingwe, ndi lonyowa kwambiri, dikirani. Ndipo pokhota kumapeto kwa munda, woyendetsa azikweza mano kaye, chifukwa mano ambiri amapindikira pamenepo.

FUNSO: Ndikufuna chobowolera maenje a mitengo ndi mipanda. Anzanga akuti difu (bokosi la magiya lapakati pa matayala a kumbuyo) ya galimoto yakale ingagwire ntchito ya giyabokosi. Zoona? Mlimi wa ku Nsipe, Ntcheu.

YANKHO: Zoona, bambo, koma pali misampha. Shafiti ya PTO, yomwe imatulutsa mphamvu ya injini kumbuyo kwa thirakitala, imazungulira ka 540 pa mphindi. Difu yochepetsa kanayi imatsitsa liwirolo kufika cha pa 135, lomwe ndi loyenera. Timagiya ta mkati tiwotchereredwe pamodzi. Mukangomanga mbali imodzi, inayo imathamanga kuwirikiza kawiri. Musanawotcherere mapiko a chobowolera, zungulitsani ndi dzanja muone komwe chikulowera, apo ayi chidzakana kuloŵa pansi. Difu ikagonekedwa chammbali mafuta amatsikira ku sili ya pansi, choncho ikani sili yatsopano ndipo muziona mafuta tsiku lililonse.

PTO ilibe livesi. Chobowolera chikakodwa mu muzu, zimitsani injini, masulani shafiti, chibwezeni ndi sipanala yaikulu. Kuti zisafike apo, muzikweza pa masentimita 20 kapena 30 aliwonse dothi lituluke, ndipo bawuti yofewa ikhalepo panonso, pomwe chobowolera chalumikizana ndi difu. Shafiti ikhale yovindikiridwa, ndipo munthu asayandikire kapena kukwerapo kuti awonjezere kulemera. Chitenje kapena mkono wa jekete ukakodwa, shafitiyo imazungulira kasanu n'kanayi pa sekondi imodzi. Palibe amene angazimitse injini msanga chotero.

FUNSO: Ndakonza chopangira mizere ya mbatatesi chomwe mapiko ake amatambasuka ndi chogwirira chimodzi, osamasula bawuti. Ndikuopa kuti anzanga akopera. Ndikalembetse ku COSOMA? Mayi wa shopu yowotcherera, Lizulu.

YANKHO: Mayi, COSOMA imayang'anira nyimbo, mabuku ndi zaluso zotero. Makina amatetezedwa ndi patenti, chikalata choletsa ena kukopera chomwe mwapanga, ndipo khomo lake ndi ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, kapena ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za mapatenti, lomwe likulu lake lili ku Harare. Dziko la Malawi lili m'pangano la Harare la 1982, choncho pempho limodzi lopita ku ARIPO lingatchule Malawi, Mozambique, Zambia ndi maiko ena a m'panganolo. Kwa inu a pa Lizulu, pomwe Mozambique ili kutsidya kwa msewu, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Choyamba, khalani chete. Patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano, chomwe sichinaonekepo poyera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mukachigulitsa, kuchionetsa pa tsiku la msika kapena kuika kanema pa Facebook musanapereke pempho, mwadziwonongera nokha. Yeserani m'munda wanu, ndipo othandiza asayine kalata yosunga chinsinsi. Kupatula kukhala chatsopano, chiyenera kukhala choti mmisiri wina wodziwa ntchito sakanangochiganiza mosavuta, komanso chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito.

Musanawononge ndalama, fufuzani. Pa intaneti, Espacenet ndi Google Patents n'zaulere. Kumeneko mapatenti a zida zolimira ali m'gulu la A01B, a zokumbira m'gulu la E02F. Onani zojambula ngakhale chilankhulo chikuvuta. Zida zopangira mizere zakhala zikukonzedwa kwa zaka zoposa 100, ndiye musadabwe kupeza chofanana ndi chanu. Zikatero musataye mtima: patenti yomwe inatha nthawi yake aliyense angaigwiritse ntchito. Mikono itatu yomangira zida kumbuyo kwa thirakitala, Harry Ferguson anaitengera patenti m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero kampani iliyonse imaipanga momasuka.

Pempho limafuna kufotokoza kokwanira kuti mmisiri wina athe kupanga chidacho, zojambula zokhala ndi manambala pa chiwalo chilichonse, ndi ndime zonena ndendende chomwe mukuti n'chanu. Ndime zimenezi ndizo mtima wa patenti. Musalembe kuti chanu ndi chopangira mizere. Chanu ndi njira yomwe chogwiriracho chimakankhira mapiko onse awiri nthawi imodzi ndi kuwatseka. Mukalemba mopanikiza kwambiri, mpaka kutchula kukula kwa bawuti, wokopera amangosintha bawutiyo n'kupulumuka. Apa lipirani loya wodziwa za patenti.

Mukapereka pempho loyamba, pangano la Paris limakupatsani miyezi 12 yoti mukapemphe m'maiko ena, tsiku loyambalo likuwerengedwabe. Kuyambira pamenepo mungaonetse chida chanu ndi kugulitsa. Patenti ya ARIPO imakhala zaka 20, koma pali ndalama yolipira chaka chilichonse, ndipo mukaleka imafa. Dziwaninso kuti boma silidzayenda m'mashopu kusaka okopera. Wokasuma kukhoti ndi inu. Choncho werengani kaye: zida zingati zomwe mungagulitse pa chaka kwa alimi a ku Tsangano, Bembeke ndi Angonia, ndipo phindu lake lingabweze ndalama za loya ndi za chaka ndi chaka? Ngati shopu yanu singapange zambiri, patenti ikatuluka mungabwereketse ufuluwo kwa kampani yaikulu, izikulipirani pa chida chilichonse chomwe yagulitsa. Mgwirizano wotero ulembedwe, utchule zaka ndi dera lomwe angagulitse.