Magazi "akuthamanga" bwanji munthu atangotsamira khoma?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, walemba kuti: "Bambo, mwana wanga ndi namwino, ndipo wandipatsa pepala la Chingerezi lonena za masewera otchedwa isometric, akuti amathandiza BP. Ndikufuna kuwafotokozera amayi anzanga a kumpingo m'Chichewa, poti ambiri ndi achikulire. Kodi isometric tiziti chiyani? Komanso pepalalo likuti pochita masewerawa BP imakwera. Ndinganene bwanji kuti magazi akuthamanga pamene munthu wangotsamira khoma osasuntha?"

Mayi, funso lanu lachiwiri landikomera kwambiri, koma tiyambe ndi loyambalo poti n'losavuta.

Liwu loti isometric n'lochokera ku Chigiriki: isos ndi "chofanana", metron ndi "muyeso". Tanthauzo lake n'lakuti mnofu ukugwira ntchito koma utali wake sukusintha, ndipo bondo kapena chigongono sichikupindika kapena kuwongoka. Kukankha khoma, kuima chilili mutanyamula chidebe cha madzi, kufinya mpira m'dzanja osausiya, zonsezi ndi zomwezo. Ndamvapo achinyamata akuti "aisometiriki", lilime kuchita kupindika ngati likuthawa phala lotentha. Ena amati "masewera osasuntha", koma munthu wogona tulo nayenso sasuntha. Liwu labwino tili nalo kale: kukunga. Timakunga ng'oma, timakunga uta, timakunga chingwe choyanikapo zovala. Chinthu chokungika chimakhala phee pamalo amodzi koma chili ndi mphamvu mkati, mukachikhudza chimalira. Aliyense amene anaonapo oimba ng'oma za gule ku Mbare kapena ku Dzivarasekwa akuwamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, amva msanga. Nenani "masewera okunga minofu", palibe gogo amene adzakufunseni kawiri.

Tsopano za "kuthamanga kwa magazi". Mawuwa, momwe ndikukumbukira, ndinayamba kuwamva pa wailesi ndi m'zipatala, osati pakamwa pa akuluakulu a kumudzi, ndipo ndikhulupirira kuti anawapeka munthu amene anali pachangu. BP si liwiro ayi. Ndi mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Tengani paipi yothirira ndiwo, mutsegule mpopi, kenaka muipinde pakati. Kuseri kwa popindapo madzi aima, koma paipi yauma gwa, mwina mpaka kuphulika polumikizira. Madziwo sakuthamanga, akukankha. Masewera anuwa ndiwo amaulula bodza la mawu aja poyera, chifukwa mumnofu wokungika magazi amayenda movutikira pa nthawi yomweyo imene BP ikukwera.

Zimachitika motere. Mnofu ukakungika umafinya timitsempha ta magazi todutsa mkati mwake. Mukakunga pang'ono chabe magazi amadutsabe, koma mukapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zanu zonse, njira imayamba kuchepa, ndipo mukakunga kwambiri imatsekeratu. Zinyalala zimene mnofu umatulutsa pogwira ntchito zimaunjikana, n'chifukwa chake ntchafu zimawotcha. Timitsempha tina ta mumnofumo timauza ubongo, ubongo n'kulamula mtima kugunda mofulumirako ndiponso mitsempha ya kwina, monga ya m'mimba ndi ya impso, kufinyika. Magazi opopedwa achuluka, njira sizinatseguke, basi BP yakwera, ndipo imakwererabe mukamachedwa pamenepo. Izi zinaoneka kalekale. Mu 1937 ku Cairo, ofufuza awiri, Alam ndi Smirk, anamanga lamba wopopa pa chiwalo chogwira ntchito kuti magazi asatulukemo, ndipo munthu atasiya ntchitoyo BP inakhalabe pamwamba mpaka lambayo atamasulidwa. Ena atabwereza ndi dzanja anaona kuti kugunda kwa mtima kumabwerera pafupi ndi mwakale BP idakali pamwamba. Choncho musasakanize "mtima ukugunda kwambiri" ndi "BP yakwera", ndi nkhani ziwiri.

Mwaona kuti ndanena "mitsempha" kawiri mosiyana. Liwu limeneli ndi dengu lonyamula zonse: njira za magazi, njira za mauthenga a ubongo, ngakhale zingwe zolumikiza mnofu ku fupa. Anzathu a Chishona ali ndi vuto lomweli ndi tsinga. Pofotokoza muziwonjezera "ya magazi" kapena "ya mauthenga", musadalire kuti omvera alota.

Pa makina oyezera pamatuluka manambala awiri, monga 120/80. Yapamwamba ndi kukankha pamene mtima wafinya, yapansi ndi pamene mtima ukupuma kudikira kudzaza. Munthu akamathamanga kapena kupalasa njinga, yapamwamba imakwera koma yapansi imangokhala pomwepo kapena kutsikako, chifukwa minofu ikufinya ndi kumasula, mitsempha yake ili yotseguka. Pokunga minofu zonse ziwiri zimakwera, pamene kugunda kwa mtima sikufika patali ngati pothamanga. Mukamasula, BP imabwerera pakangopita mphindi zochepa.

Nanga kutsika kuja pepala lanu likunena? Kumabwera pakapita masabata, ndipo ndi BP ya munthu atakhala pansi akupuma. Mu 2023 magazini ya British Journal of Sports Medicine inaphatikiza kafukufuku 270 wa anthu oposa 15,000, n'kupeza kuti masewera okunga minofu anatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 8, yapansi ndi 4, pamene masewera ngati kuyenda ndi kuthamanga anatsitsa pafupifupi 4 ndi theka pamwamba. Njira yake ndi iyi: tsamirani khoma ndi msana wonse, mapazi mutawatalikitsa ngati mapewa ndi kuwaponya kutsogolo kuti mawondo asapitirire zala, tsetserekani pang'ono ngati mukufuna kukhala pa mpando wautali. Khalani choncho mphindi 2, pumani mphindi 2, mubwereze kanayi, masiku atatu pa sabata. Woyamba kumene asatsike kwambiri, ndipo ngati mphindi 2 zamukanika ayambe ndi masekondi 30. Wa mawondo opweteka afinye chofinyira cha m'dzanja ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, mphindi 2 kanayi. Apa musati "kunyonyomala", chifukwa gogo adzafika mpaka pa zidendene, kumene si masewerawo. Nenani "kukhala pa mpando wa mphepo", amva ndi kuseka komwe.

Cholakwika chachikulu ndi kugwira mpweya. Madokotala amachitcha Valsalva, dzina la dokotala wa ku Italy amene anamwalira mu 1723. Munthu akatseka kukhosi n'kukakamiza, chifuwa chimapanikiza mitsempha yobwezera magazi ku mtima, BP imalumpha kenaka n'kugwa, ndiye kubwera chizungulire, maso kuchita mdima. Mu 1985 ofufuza a ku Canada anayeza onyamula zitsulo zolemera ndi miyendo, BP ya mmodzi wa onyamulawo inafika 480/350. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mankhwala ake n'ngosavuta: aziwerenga mokweza kapena kuimba nyimbo, poti woimba sangagwire mpweya. Amene BP yake ili 180/110 kapena kupitirira, amene ali ndi nthenda ya mtima, ndi amayi oyembekezera, ayambe afunsa ku kiliniki. Kupweteka pachifuwa kukayamba, asiye pomwepo. Ndipo mapiritsi a BP asasiyidwe chifukwa cha khoma.

Chigamulo changa? "Kuthamanga kwa magazi" kunazika mizu, sindingakuzule ndi cholembera. Likhale dzina la matenda, monga timanenera "shuga" osaganiza za m'kapu ya tiyi. Koma pofotokoza zochitika m'thupi nenani "kukankha kwa magazi", kapena "BP yakwera" basi. Liwu la BP ndimalilekerera. Chimene sindilekerera ndi "ndili ndi BP" kutanthauza matenda, chifukwa amene alibe BP timapita naye kumanda.

Mnyamata wa ku Highfield, wobadwira konkuno, wafunsa ngati n'kolondola kunena kuti "moyo wanga ukugunda kwambiri ndikatsamira khoma".

Achimwene, pamenepo Chishona chalowa m'nyumba osaodira. M'Chishona mwoyo ndi chiwalo chopopa magazi, m'Chiswahili moyo ndi chomwecho, ndipo ndikuganiza kuti makolo athu nawonso ankatero kalekale, liwulo lisanasamuke. Koma m'Chichewa cha lero moyo ndi kukhala ndi mpweya, chopopacho ndi mtima. Mukauza agogo ku Dedza kuti moyo wanu ukugunda, adzaganiza kuti mwagundidwa ndi galimoto. Nenani "mtima ukugunda". Ndipo ngati mukufuna kudziwa kuti ukugunda kangati, ikani zala ziwiri pamkono kumunsi kwa chala chachikulu, muwerenge kwa masekondi 15, muchulukitse kanayi. Chala chachikulu musachigwiritse ntchito, chili ndi kugunda kwakekwake.