Kabokosi kotulukira mochedwa: munthu wosaona mumamusiya pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa munthu wina amene amakonza mawebusaiti. Abwana ake akufuna pop-up, kabokosi kaja kotulukira pakati pa sikirini kopempha alendo kuti alembetse imelo yawo, ndipo akuti kazituluka pakatha masekondi 15 munthu atatsegula tsamba. Funso lake ndi lakuti angachite bwanji kuti kabokosika kasazunze anthu ogwiritsa ntchito screen reader, pulogalamu yowerengera anthu osaona mokweza zimene zili pa sikirini, komanso amene amayenda pa tsamba ndi kiyibodi yokha.

Mwafunsa bwino anzanga, ndipo ndikuyankhani mosabisa mawu. Kupanga kabokosi kogwira bwino ntchito ndi kiyibodi n'kosavuta masiku ano. Vuto lagona pa kuchedwako. Kabokosi kamene munthu watsegula yekha podina batani amakhala akukayembekezera, ndipo akakatseka amabwerera pa batani lomwe lija. Kotuluka kokha kalibe batani lobwererapo, komanso kamam'peza munthu ali kalikiliki ndi zina.

Taganizirani munthu wosaona amene akuwerenga nkhani yanu ndi screen reader yotchedwa NVDA pa Windows. Wadumpha mitu ingapo podina H, batani limene mu NVDA limam'fikitsa pa mutu wotsatira, wapeza ndime imene akufuna, ndipo akutsika mzere ndi mzere. Mwadzidzidzi mawu aduka pakati pa chiganizo, kenako akumva zoti alembetse imelo. Wadina Esc, kabokosi katsekeka, ndipo browser yabweza focus, kutanthauza malo amene kiyibodi yaloza, pamene inali poyamba. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Screen reader imakhala ndi cholozera chakechake chowerengera, ndipo nthawi zambiri focus ya browser imatsala m'mbuyo, pa linki imene munthuyo anaikhudza komaliza kapena kumayambiriro kwenikweni kwa tsamba. Choncho ngakhale mutalemba zonse molondola, munthuyo akhoza kupezeka wabwerera pamwamba, n'kuyambanso kufufuza pamene analekezera. Zili ngati kulanda munthu buku m'manja, kum'patsa kapepala, kenako n'kumubwezera bukulo litatsekedwa. Woona amangoponya maso pamene anali. Wosaona amataya nthawi, ndipo ena amangotseka tsambalo osabweranso.

Wa kiyibodi yokha, mwina chifukwa manja ake sangathe kugwira mausi, naye ali ndi lake vuto. Ngati akulemba mufomu pa nthawi imene kabokosi katuluka, zilembo zake zotsala zimakagwera m'kabokosimo. Akadina Space kapena Enter focus ili pa batani, wadina chinthu chimene sanachione n'komwe.

Ndiye langizo langa loyamba ndi lakuti musalande focus. Ikani pempho lanu ngati kachigawo kooneka bwino kumapeto kwa nkhani, kapena kamzere m'munsi mwa sikirini kamene sikatseka tsamba. Kapatseni mutu wake kuti wodumpha ndi H akapeze. Ngati mukufunadi kuti wosaona adziwe kuti chinachake chatuluka, gwiritsani ntchito role="status" kapena aria-live="polite", zimene zimachititsa screen reader kudikira kaye kuti imalize zimene ikunena. Kumbukirani kuti malo amenewa ayenera kukhalapo kale patsamba, opanda kanthu, mawu n'kulowamo pambuyo pake, apo ayi ma screen reader ambiri sanena chilichonse. Uthengawo ukhale chiganizo chimodzi basi. Samalaninso kuti kamzereko kasaphimbe linki kapena batani limene focus yafikapo, chifukwa WCAG 2.2, malamulo othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito mawebusaiti, imene bungwe loona za miyezo ya mawebusaiti la W3C linatulutsa mu 2023, inawonjezera lamulo la 2.4.11 loletsa zimenezi.

Ndikudziwa kuti abwana akhoza kukakamira kuti kabokosiko katseke tsamba lonse. Zikatero, musavutike n'kumanga kanu ndi ma div. Gwiritsani ntchito dialog ya HTML ndipo muzitsegula ndi showModal(). Kuyambira mu 2022 Chrome, Firefox ndi Safari onse amaidziwa. Imalowetsa yokha focus m'kabokosi, imachititsa kuti za kumbuyo zisafikirike, imatsekeka ndi Esc, ndipo imabweza focus ikatsekedwa. Chimene chatsalira inu ndi kukapatsa dzina pogwiritsa ntchito aria-labelledby yoloza pa mutu wake, kuti munthu amve msanga kuti kabokosika n'kachiyani, komanso kuika batani lenileni lotsekera, lokhala ndi mawu omveka, osati ka X kojambula kopanda dzina. Batanilo lisachepere mapikiselo 24 m'litali ndi m'lifupi, monga likunenera lamulo la 2.5.8, ndipo focus ikafikapo izioneka. Ine ndimakonda kuti focus iyambire pa mutu wa kabokosi, womwe mwaupatsa tabindex="-1", osati pa batani lolembetsera, kuti wodina Enter mwangozi asavomere chimene sanafune.

Tsopano za nthawi, zomwe ndi nkhani yeniyeni ya funso lanu. Masekondi aja akakwana, musangotsegula. Yambani mwafunsa document.activeElement, imene imakuuzani pamene focus ili. Ngati munthu ali mu input, textarea kapena select, ndiye kuti akulemba, dikirani. Ngati pali kabokosi kena kotsegula, monga ka ma cookie, dikiraninso. Akakatseka kamodzi, sungani zimenezo ndipo musamuonetsenso pa tsamba lililonse limene atsegule. Musakatsekenso nokha pakapita nthawi, pakuti womvetsera ndi khutu amatenga nthawi yotalikirapo kuti amve zonse, ndipo lamulo la 2.2.1 limafuna kuti munthu athe kuzimitsa kapena kuwonjezera nthawi yoteroyo. Koma dziwani kuti njira ya activeElement siimuona wowerenga wa NVDA uja, chifukwa tsamba silidziwa pamene cholozera chake chili. Iyeyo adzadukizidwabe.

Mwina abwana afunsa ngati malamulo amaletsa. Kunena zoona, malamulo a WCAG okhudza kudukiza munthu, 2.2.4 ndi 3.2.5, ali pa mlingo wapamwamba kwambiri wa AAA, pamene mabungwe ambiri amangotsatira wapakati wa AA. Ndiye n'zotheka kuti kabokosi kanu kapambane mayeso onse koma kakuvutitsabe anthu, ndipo zimenezi zimandiwawa. Ngati chifundo sichikuwafika pamtima, auzeni kuti kuyambira mu January 2017 Google inayamba kutsitsa pa zotsatira zake masamba a pafoni amene amaphimba nkhani ndi timabokosi totere. Akatchula za kabokosi kotuluka munthu akamachoka, auzeni kuti kamadalira kuyenda kwa mausi, moti wa kiyibodi sakaona n'komwe. Ngati muli kuchotsera mtengo m'menemo, muikenso pamalo ena pamene aliyense angafike.

Musanatulutse ntchitoyi, ikani mausi pambali ndipo muyende ndi Tab, Shift ndi Tab, komanso Esc. Kenako tsegulani NVDA, yomwe ndi yaulere, kapena VoiceOver pa iPhone ndi TalkBack pa Android. Werengani mpaka pakati pa nkhani, dikirani kuti kabokosi katuluke, katsekeni, ndipo mumvetsere pamene mawu ayambirenso. Akayambira pamwamba pa tsamba, aitaneni abwana adzamve okha, kenako muwaonetse kamzere ka m'munsi kaja.