Mpunga wanu sukufuna mankhwala, mudachedwa kufesa

Funso: Ndine mlimi wa ku Mkanda m'boma la Mchinji. Chaka chatha ndidayesa mpunga pa theka la ekala kudambo kuti banja langa lisamadalire chimanga chokha. Mbewu ya Kilombero ndidagula kwa venda pamsika, ndipo ndidamwaza kumapeto kwa Januwale nditatha kubandira chimanga. Udakula bwino, koma ngala zambiri zidatuluka zoyera, zopanda kanthu. Ndigule mankhwala anji opopera?

Yankho: Bambo, ndalama ya mankhwalayo isungeni kaye. Mwalemba nokha kuti mudafesa mutatha kubandira, ndipo vuto lagona pomwepo. Alimi ambiri kuno mpunga mumaukumbukira ntchito ya chimanga, fodya ndi mtedza ikatha, kenako n'kumadabwa kuti sunabereke. Kilombero amatenga pafupifupi miyezi isanu. Wofesedwa kumapeto kwa Januwale amatulutsa ngala cha mu Meyi, mvula italeka, dambo likuphwa, usiku kutayamba kuzizira. Ku Karonga ndi ku Nkhotakota komwe mbewuyi imachita bwino ndi kunyanja, n'kotentha. Ife ku Mchinji ndi ku Kasungu tili kumtunda, ndipo mpunga ukakumana ndi chisanu kapena ludzu pa nthawi ya maluwa, mumakolola mankhusu okhaokha. Sindikukayika kuti zidakuchitikirani ndi zimenezi.

Kapuchi nayenso amayeretsa ngala, koma n'ngosavuta kumuzindikira. Gwirani ngala yoyerayo, muikoke. Ikasololoka mosavuta, kunsi kwake kuli kodyeka, ndiye kuti m'phesi muli mbozi. Ikakana kuzuka, palibe chopopera. Komanso kapuchi amagwira apa ndi apo, sayeretsa munda wonse nthawi imodzi.

Chachiwiri, mbewu ya kwa venda. Mudadziwa bwanji kuti ndi Kilombero weniweni? Wapamsika amakhala wosakaniza, wina amacha msanga, wina mochedwa. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu za mbewu yocha msanga monga Pussa 33, yomwe imatenga pafupifupi miyezi inayi. Kafukufuku wa mpunga m'dziko muno amachitikira ku Lifuwu m'boma la Salima, ndipo alangizi anu akhoza kukulozerani kopeza mbewu yovomerezeka.

Koma chimene ndimauza mlimi aliyense, ngakhale ena amati ndimabwereza, ndi milambala. Mu Novembala, mvula isanagwe, dulani mundawo m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse muchizungulize ndi mlambala wokwera bwino, mkati musalaze. Kusalazako musakuchitire ulesi, chifukwa pokwera pamauma msanga pamene potsika mbande zimamira. M'nyengo ya 2023/24, pamene ng'amba ya El Niño idatikhaulitsa mu Febuluwale, ndidaona ndi maso anga m'madambo a mphepete mwa Bua: amene adali ndi milambala minda yawo idasunga chinyontho, koma oyandikana nawo, ofesa chomwaza pamtetete, masamba adapotana n'kupsa. Mlambala sufuna ndalama, ndi khasu ndi thukuta basi.

Kumwazako kusiyeni. Konzani nazale kumayambiriro kwa Disembala. Mbewu muithire m'ndowa ya madzi, yoyandama mutaye, yomira muiviike tsiku limodzi musanafese. Pa theka la ekala makilogalamu 10 ndi okwana, mwinanso atsalako. Mbande muwokere zili ndi masabata awiri kapena atatu, m'mizere ya chingwe, kutalikana pafupifupi masentimita 25. Zikakalamba pa nazale siziphukira ana ambiri. Mizereyo idzakuthandizaninso popalira, poti m'munda womwaza udzu wina umafanana ndi mpunga ndipo mumauzindikira utatha kale chakudya cha mbewu.

Feteleza ndikudziwa kuti wakwera, thumba lidadutsa kale K100,000. Pa malo anuwo theka la thumba la NPK powokera ndi theka la Urea mbewu ikamaphukira zikwana. Ngati ndalama yavuta, thirani manyowa owola bwino pogaula. Urea musathire madzi akuyenda, mungadyetse munda wa mnzanu wa kumunsi.

Maganizo anu oti banja lisadalire chimanga chokha ndagwirizana nawo ndi mtima wonse. Mpunga wambiri umene timagula m'misika ya kuno umachokera ku maboma a kunyanja, chonsecho madambo a Bua ndi Rusa tili nawo pakhomo. Mukakolola, sungani wosapuntha kuchigayo, uli ndi mankhusu ake, chifukwa umakhalitsa kuposa woyera. Muzikapunthitsa pang'onopang'ono, ndipo matumba awiri mubise dala kufikira Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene ufa umasowa m'nyumba zambiri.