Agogo akuyankha: Pepala la impso la apongozi

Agogo, ndine mayi wa ku Chilomoni. Apongozi anga aamuna anayezetsa magazi ku Queens ndipo papepala alemba kuti eGFR 48. Alamu anga akuti tisawauze, tingowatengera kumudzi akamwe zitsamba. Ndilankhule kapena ndikhale chete?

Mdzukulu wanga, lankhula, koma udzere kwa amuna ako. Mtengwa sakhala pamphasa ndi apongozi aamuna n'kumawafunsa za mkodzo wawo. Imeneyo ndi ntchito ya mwana wawo kapena alongo awo. Koma zowabisirazo ayi. Ochepetsa mchere ndi iwowo, omeza mapilitsi ndi iwowo. Adzalimbikira bwanji asakudziwa chifukwa chake?

Tsono nambalayo. Impso zili ngati sefa: zimachotsa zoipa m'magazi n'kuzitayira mumkodzo. Chimodzi mwa zoipazo ndi creatinine, yemwe amachokera m'minofu. Impso zikafooka, iyeyu amachuluka m'magazi. Achipatala amatenga muyeso wake, zaka za munthu, komanso ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, n'kuwerengera eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: creatinine akakwera n'zoipa, koma eGFR ikakwera n'zabwino. Wathanzi amakhala cha pa 90 kupita m'mwamba, ngakhale ife nkhalamba timatsikako ndithu. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi 3 kapena kuposerapo, ndiye amati matenda a impso okhalitsa. Pansi pa 15 m'pamene amayamba kukamba za dialysis, makina otsuka magazi aja ali ku Queens. Apongozi ako sanafikeko kumeneko.

Komanso kuyeza kamodzi sikuthetsa nkhani. Munthu akangodwala malungo kapena kutsekula m'mimba, nambalayi imatha kugwa n'kudzakweranso. N'chifukwa chake tsiku lobwerera lolembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala ndi lofunika kuposa misonkhano ya achibale. Kumeneko akafunse ngati mumkodzo mukutuluka puloteni, akayezetsenso BP ndi shuga, poti ziwirizi ndizo zimadya impso mwakachetechete munthu akuyenda bwinobwino.

Zitsamba sindizinyoza, ndakulira momwemo. Koma chomwe munthu wamwa, impso zomwezo n'zimene zimavutika nacho, ndipo zam'mabotolo zogulitsa ku Limbe zija, zolembedwa kuti zimachiza matenda onse, palibe adziwa muyeso wake. Ngakhale Brufen, diclofenac ndi Indocid zomwe mumawagulira msana ukawawa zimapweteka impso zofooka. Zichotseni pawindo paja amaikapo mankhwala, mukafunse adokotala choti azimwa m'malo mwake. Ngati ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP, asasiye okha. Atenge mapaketi onse akawaonetse.

Alamu akowo usakangane nawo. Amuna ako awapemphe kuti tsiku lobwerera apite nawo limodzi, akadzimvere okha kwa adokotala. Koma mukaona apongoziwo mapazi kapena nkhope yatupa, mkodzo wachepa, akusanza kapena akubanika, musadikire tsikulo, thamangani nawo tsiku lomwelo.