2% imeneyo inandidyera chaka chathunthu

Achimwene, rate ya 2% pa zaka miliyoni imodzi (liwiro la kusintha kwa DNA) imene a supervisor anu akupatsaniyo musayilowetse mu BEAST, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera nthawi imene mitundu ya zamoyo inagawikana, musanafunse komwe yachokera. Ine inandiliza misozi.

Pa masters ndinkafufuza nsomba za mbuna za m'Nyanja ya Malawi, ndikuwerenga control region, chigawo china cha mtDNA (DNA ya mu mitochondria, tizigawo ta m'maselo). Supervisor wanga anangolemba "2%" pakapepala, ati aliyense amadziwa zimenezi. Model ndinaithamangitsa masabata atatu pa laputopu yanga, magetsi akazima n'kuyambiranso, mpaka ESS, nambala yosonyeza kuti model yathamanga mokwanira, inadutsa 200 mu pulogalamu ya Tracer. Mtengo wa ubale wa nsombazo unatuluka wokongola, nthambi iliyonse ili ndi zaka zake.

Tsiku la defence, mayi amene anabwera kudzandiyesa anavula magalasi n'kufunsa modekha kuti, "Kodi 2% imeneyi anayezera pa nyama yanji?" Kukamwa kunandiuma gwa. Manja ankanjenjemera mpaka pointer inagwa pansi, chipinda chonse chili zii. Anandiuza pamaso pa anthu onse kuti nambala ija ndi ya Brown, George ndi Wilson ya 1979, yochokera pa anthu ndi anyani, osati nsomba, ndiponso control region imasintha msanga kuposa mbali zambiri za mtDNA. Kenako anadzuka n'kuloza pa mtengo wanga: nsomba za mtundu umodzi zamwazikana nthambi zosiyanasiyana, zina zakhala limodzi ndi mitundu ina. Moran ndi Kornfield anali ataona kale zimenezi pa mbuna mu 1993. Mitunduyi inagawikana posachedwa kwambiri moti mtDNA yake sinapatukane bwino, kuwonjezera apo mitundu yosiyana imatha kuswana. Ndipo mtDNA timatengera kwa mayi yekha, ndiye mtengo wanga unkanena za mzere wa amayi basi, ine n'kumauwerenga ngati mbiri ya mtundu wonse.

Nanga supervisor? Maso ali pa foni. Atafunsidwa anati, "Ndinamuuza kuti akafufuze yekha." Bodza lenileni! Munthu amene draft yanga anakhala nayo miyezi inayi osatsegula, koma dzina lake ankafuna likhale pa pepala. Kapepala kake ka 2% ndikadali nako mpaka lero. Ondiyesa aja anandibweza kuti ndikakonze, ndalama ya scholarship itatha, ndinkagona pakhomo pa azakhali anga.

Inu rate musaikhomere pa nambala imodzi, ipatseni prior yotambasuka, kutanthauza kuilola izisintha pakati pa malire otalikirana, muone mmene zaka zikusunthira. Werenganinso ntchito ya Malinsky ndi anzake ya 2018: anawerenga ma genome athunthu (DNA yonse) a nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja yathu, n'kupeza kuti mtengo umodzi sukwanira kufotokoza ubale wake.

Komabe musakangane nawo a supervisor anu, saini yawo mukuifuna. Akaumirira pa 2%, thamangitsani yawoyo kuti asakwiye, ina yanu pambali. Ndipo ngati ndalama za nuclear markers (zigawo za DNA yotengera kwa makolo onse awiri) palibe, pitirizani ndi mtDNA yomweyo, njotchipa. Kungoti chilichonse chimene akuuzani, apempheni akutumizireni pa imelo.