Avareji ya mvula inandigwetsa m'ngongole

Achimwene chonde musathamangire kutenga ngongole ya feteleza chifukwa cha manambala a mvula mwawaona pafoniwo, ine zinandiwotcha mu 2024 mpaka lero mtima sunakhale m'malo. Mamilimita pafupifupi 800 mukunena kuti ndi mvula ya Kasungu pachakawo si bodza ayi, koma ndi avareji, amatenga zaka 30 kuphatikiza n'kugawa. Ndiye mkatimo muli chilala cha 1992, muli 2001 mvula inachita kuchuluka chimanga n'kumira m'madzi mpaka kubala njala ya 2002 ija anthu kuno ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, muli 2005, muli 2016. Zikasakanikirana zonsezo pamatuluka chaka chokongola chomwe palibe munthu anachilimapo.

Ine kunabwera mnyamata wa kampani ina ya ngongole kwathu cha ku Santhe ndi laputopu yake, kutionetsa tchati, akuti madala onani Januwale ndi Febuluwale kuno mvula siphonya. A zanyengo anali atanena kale pawailesi za El Niño, nyengo ija imabweretsa ng'amba, ndinamufunsa, iye amvekere zimenezo ndi za kumwera, kuno n'kuchigawo chapakati. Ndinasaina maekala 3, mbewu ya haibulidi yochedwa kucha, NPK ndi urea.

Chimanga chinamera bwino abale, chobiriwira chochita kuda. Febuluwale atalowa, nthawi yomwe chimatulutsa ngaiyaye, kumwamba kunangoti mbee. Sabata yoyamba ndinati ibwera. Yachiwiri masamba anayamba kupindika ngati a anyezi, pofika 10 koloko m'mawa munda wonse wasanduka wotuwa. Tsiku lina tinapita ndi mayi a kunyumba, ndinakumba pa mzere ndi khasu mpaka kupitirira chikhatho, fumbi lokhalokha lotentha, urea ndinathira uja ali mbuu pa phando osasungunuka. Ndinasenda chisononkho chimodzi, njere zisanu basi. Mayiwo anangokhala pansi pa mzere n'kudzifunda chitenje kumutu osayankhula kanthu, ine ndinalowa m'tchire kuti asandione misozi. Mvula inadzabwera chimanga chitapsa kale, yambiri ndithu, ndiye wowerenga ya chaka chonse atha kunena kuti inagwa. Mu Malichi a Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Mnyamata uja foni osayankha, koma nthawi yokolola anatulukira pa njinga yamoto ndi pepala lomwe ndinasaina lija, osafunsa n'komwe kuti ana akudya chiyani. Mbuzi 4 zinapita, njinga inapita. Chimandipweteka kwambiri n'choti mu laputopu momwemo munali chaka ndi chaka, akanatha kutionetsa chaka chouma kwambiri ndi chonyowa kwambiri, ng'amba imatenga masiku angati, mvula yobzalira inayamba liti chaka chilichonse, koma anasankha mzere umodzi wokoma uja kuti tisaine. Kumeneko n'kuba.

Ndiye ine manambala a avareji sindikhulupiriranso. Koma inu afunseni a zanyengo kapena alangizi akupatseni a chaka ndi chaka osati avareji, muone zaka zoipazo zimabwera kangati, muwerengere ngongole yanu pa chaka choipacho. Ikani chitini choongoka pabwalo, muziyeza ndi rula m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope, chifukwa mvula ya ku Boma si ya ku Chamama kapena ku Nkhamenya, nthawi zina imadula pa msewu penipeni. Osabzala ndi chizimalupsa. Gawani munda, kwina mbewu yocha msanga, kwina mtedza ndi soya, mbatata osaiwala. Feteleza ngati mulibe ndalama tengani ndithu pangongole poti nthaka yathuyi yatopa popanda iye simukolola, koma wa ekala imodzi yokha, ndipo pepalalo akuwerengereni munthu wanu musanasaine.